Khofi wa pakhomo: kutcheza kapena kuviika?

Ambirife khofi tinamudziwira m'chitini. Supuni imodzi m'kapu, madzi otentha, shuga, mkaka, kutakasa, basi wapsa. N'chifukwa chake tsiku limene alamu anga anandibweretsera paketi ya khofi wa ku Misuku ndinamuchita chimodzimodzi. Ndinatakasa mpaka dzanja kuwawa, khofi osasungunuka. Ndinamwabe poopa kukhumudwitsa mlendo, uku tizidutswa tikulumika m'mano ngati ndiwo zosatsuka. "Alamu, ameneyutu sasungunuka," anatero atafa nalo phwete. "Ameneyu amachita kutcheza."

Ankanena zoona. Khofi wa m'chitini anapangidwa kale ku fakitale n'kuumitsidwa, inu mumangomubwezera madzi ake. Koma khofi wopera ndi njere yokazinga imene yangophwanyidwa. Madzi amatengamo pang'ono chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, zotsalazo ndi nsenga zotaya. Nkhani yonse yagona pa kuchuluka kwa zimene madziwo atenge. Akatenga zochepa khofi amawawasa, akapyola muyeso amawawa ngati kwinini.

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri, ndipo zonse tinazionera kwa agogo. Ina ndi ya chidulo: phulusa m'kambale kobowola, madzi pamwamba, n'kumadontha pansi. Pa Chingerezi amati pour-over, ine ndiziti kutcheza. Inayo ndi ya mphale: kuika m'madzi, kusiya zikhale, kenako kuvuula. Imeneyi ndi immersion, kuviika. Zipangizo zimene mumaziona pa intaneti, V60, Chemex, Kalita, French press, zonse zili mbali imodzi mwa ziwirizi. Ngati mukuyamba kumene, ine ndikuti yambani ndi kuviika, chifukwa njirayi sikwiya msanga mukalakwitsa. Ndipo musathamangire kugula zipangizo zodula. Chimene chimakometsa kapu ndi kaperedwe ndi muyeso.

Musanatereke madzi

Khofi amene timalima kuno ndi wa mtundu wa Arabica, wokonda malo okwera ndi ozizira. Alimi ang'onoang'ono a m'mapiri a Misuku ku Chitipa, Phoka ku Rumphi, Viphya ndi kumtunda kwa Nkhata Bay amagulitsa wawo kudzera ku Mzuzu Coffee, ndipo kummwera kuli maesiteti monga Satemwa ku Thyolo. Pogula, tembenuzani paketi muone ngati alemba tsiku lokazinga. Khofi amakoma kwambiri m'masabata angapo oyamba chimukazingire. Mukapeza wanjere, tengani ameneyo, chifukwa wopera kale amataya fungo m'masiku ochepa paketi ikangotsegulidwa. Musungeni m'botolo lotseka bwino, pamalo amdima, kutali ndi mbaula. M'firiji ayi: amayamwa chinyezi ndi fungo la chilichonse chili pafupi, ndipo palibe amene amafuna khofi wonunkha usipa.

Kupera ndiye phata. Kachigayo kabwino ndi kamene kali ndi mano awiri opekesana, kamene mumatha kukachuna kuti kazipera mosalala kapena mokhakhala. Kamanja kamakwanira, ndiponso sikafunsa ngati magetsi alipo. Kaja ka mpeni wozungulira kamangodula mwachisawawa, pena ufa pena zibanthu, ndiye kapu imodzi yomweyo imawawa n'kuwawasanso. Ngati n'komwe muli nako, muzikayatsa pang'onopang'ono uku mukukakhutchumula. Kamtondo nakonso kamagwira ntchito ngati muli wopirira, koma kakhale ka khofi yekha. Ine ndinasinjirapo m'kamtondo ka mayi a kunyumba ka tsabola ndi adyo, ndinati ndakatsuka bwino, koma khofi wake anandituluka m'mphuno.

Kukula kwa tizidutswa kuli motere. Wotcheza akhale ngati shuga wofiira wa m'paketi, mukamufikisa pa zala muzimva timiyala. Woviika akhale wokulirapo, ngati misere ing'onoing'ono ya chimanga. Akasalala ngati ufa woyera, ameneyo ndi wa makina a espresso, aja opanga kakhofi kochepa koma kamphamvu kwambiri; kwa inu atseka sefa yanu.

Pa muyeso sungani nambala imodzi: magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi. Kapu imodzi ya mamililita 250 ndiye kuti magalamu 15, makapu awiri magalamu 30. Kasikelo ka kukhitchini kamathandiza kawiri, chifukwa mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, choncho mumayezera pomwepo khofi ndi madzi omwe. Popanda sikelo, supuni yaikulu yodyera, yodzaza koma yosaunjika, imatenga magalamu 5 kapena 6. Botolo la madzi akumwa la mamililita 500 lifuna masupuni otero asanu kapena asanu ndi imodzi. Chachikulu n'chakuti supuni ikhale yomweyomweyo tsiku lililonse. Mukamasinthasintha simudzadziwa chimene chinakometsa kapu ya dzulo.

Madzi akhale oti mukhoza kuwamwa osakwinya nkhope. A pampopi akamamveka klorini, atungeni madzulo agone m'jagi yosavundikira. A pamjigo a mchere aja amaphwetsa kukoma, ndipo madzi ophika pa nkhuni m'poto wosavundikira amatenga utsi.

Pa katenthedwe pali nkhani imene malangizo a kunja satiuza. Iwo amati madzi akhale pakati pa madigiri 90 ndi 96, ndiye akawira muwasiye kaye azizireko. Amatero chifukwa kwawoko, kufupi ndi nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri 100. Koma mukamakwera mtunda, pa mamita 300 aliwonse madzi amawira msanga ndi digiri pafupifupi imodzi. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita 1,000 kapena kuposerapo pang'ono, ndiye madzi ake amawira cha pa madigiri 96 kapena 97. Ku Mzuzu ndi cha pa 96, ku Dedza cha pa 95, ndipo abale athu a ku Johannesburg awo amawira cha pa 94. Malo onsewa, phulani ketulo n'kuthira nthawi yomweyo. Odikira ndi a ku Nsanje, a ku Chikwawa ndi a ku London: theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Wina aliyense adikire pokhapokha khofi wake ali wokazinga kwambiri, wakuda wonyezimira mafuta, poti ameneyo sachedwa kuwawa.

Kuviika

French press, imene ena amangoti plunger, ndi jagi ya galasi kapena yachitsulo yokhala ndi chivundikiro cha ndodo, ndodoyo ili ndi sefa kunsonga. Tiyeze makapu awiri: magalamu 30 a khofi wokhakhala, madzi mamililita 500.

Tsukuluzani jagiyo ndi madzi otentha kuti ifunde, makamaka m'mawa wa mu Juni, n'kuwataya. Ikanimo khofi. Thirani madzi onse nthawi imodzi, mwamphamvu ndithu, kuti pasatsale pouma. Ikani chivundikiro pamwamba koma ndodo musaitsitse, yambitsani wotchi ya pafoni, muwerenge mphindi 4.

Mphindizo zikakwana mupeza khofi wayandama n'kuundana pamwamba. Mutakaseni pang'ono ndi supuni, kawiri kapena katatu, muona wambiri akumira. Thovu ndi tizinyalala totsala pamwamba muwaule ndi supuni n'kutaya. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, kukanikiza ndodo mpaka pansi ngati akupopa njinga, n'kuvundula nsenga zonse. Inu dikiraninso mphindi zina 4 kapena 5. Palibe chimene mukutaya, pakuti khofiyo akadali wotentha moti simungamumwe, ndipo pa nthawiyi ufa wosalala uja ukudikha pansi. Kenako tsitsani ndodo pang'onopang'ono mpaka sefa ingomira, osafika pa nsenga. Ikalimba musalimbane nayo: ikwezeni pang'ono n'kuyesanso, chifukwa kukakamiza kumathovutsa madzi otentha kapena kuswa galasi. Kulimbako kukukuuzani kuti mwapera mosalala kwambiri.

Tsanulirani m'makapu modekha, ndipo kakhofi kotsiriza ka pansi mukasiye, ndi matope. Wotsala musamusiye m'jagimo kuti mumwa nthawi ina, amapitirira kuviikika. Muikeni m'flasiki yofunditsa kale.

Mulibe French press? Palibe chovuta. Kapoto koyera kapena jagi yachitsulo, mbale yovundikira, ndi sefa ya tiyi yoyalamo kansalu koyera, zatha. Muyeso womwewo, mphindi zomwezo, kutakasa komweko, kenako kutsanulira kudzera pa sefa. Chimodzi chokha: poto akhale ataphulidwa. Khofi si masamba a tiyi oti azibwata pamoto limodzi ndi mkaka. Mukamuwiritsa, fungo lonse limathawira m'nyumba, m'kapu n'kutsala kuwawa kokhakokha.

Khofi woviika amakhala wolemera m'kamwa, wa mafutamafuta, ndipo amagwirizana ndi mkaka. Mafuta akewo ali ndi chinthu chotchedwa cafestol chimene chimakweza cholesterol, mafuta ena a m'magazi, mwa anthu omwa makapu ambiri tsiku ndi tsiku. Sefa yachitsulo imachilola kudutsa, pepala limachigwira pafupifupi chonse. Ngati adokotala anakuchenjezanipo za cholesterol, njira yanu ndi yotsatirayi.

Kutcheza

Pepala losefera khofi analiyambitsa ndi mayi wina wa ku Dresden ku Germany, Melitta Bentz, mu 1908. Atatopa ndi nsenga m'kapu, anabowola kapoto ka mkuwa ndi msomali n'kuyalamo pepala lomwetsera inki la m'kope la mwana wake. Zotchezera za lero ndi zidzukulu za kapoto kameneko. V60 ya kampani ya Hario ya ku Japan ndi yosongoka pansi, ya bowo limodzi lalikulu, ndipo dzinalo likuchokera ku maonekedwe a V ndi kupendekeka kwake kwa madigiri 60. Imathamangitsa madzi, motero imaonetsa msanga dzanja likalakwa. Kalita Wave ndi yafulati pansi, ya timabowo titatu, yofatsa. Chemex, ya mu 1941, ndi botolo la galasi lokhala ndi pepala lochindikala, yabwino pakakhala alendo. Iliyonse imene mwapeza, gulani mapepala a saizi yake, ndipo ngati n'kusankha pakati pa V60 yapulasitiki ndi yadothi, tengani yapulasitiki: ndi yotchipa, sisweka, ndipo siba kutentha kwa madzi.

Nayi kapu imodzi, magalamu 15 a khofi ndi magalamu 250 a madzi.

1. Pindani pepala m'mbali mwa msoko, liikeni m'chotchezera, chotchezeracho pakamwa pa kapu. Thirani madzi otentha pepala lonse linyowe. Izi zimachotsa fungo la pepala n'kufunditsa kapu. Madziwo tayani. Musaseke, aliyense anaiwalapo kamodzi n'kudabwa kapu ikusefukira.

2. Ikani khofi, gwedezani kuti afanane pamwamba. Ikani zonse pa sikelo, ibwezeni pa ziro.

3. Yambitsani wotchi, thirani madzi ochepa, magalamu 30 mpaka 45, ongokwanira kunyowetsa. Zunguzani chotchezera pang'ono madzi afike paliponse, n'kudikira masekondi 30 mpaka 45. Apa yang'anitsitsani. Khofi watsopano amafufuma ngati mtanda wa mandasi, timathovu tikuphulika pamwamba, fungo n'kudzaza khitchini. Umenewo ndi mpweya wa carbon dioxide umene unatsekeredwa m'njere pokazinga, ndipo ukapanda kutuluka umakankha madzi kuti asalowerere. Akangokhala duu osafufuma, dziwani kuti khofiyo wagonera. Amwekabe, koma musayembekezere zambiri.

4. Thirani pang'onopang'ono mozungulira, kuyambira pakati kupita kunja n'kubwereranso, mpaka sikelo ifike pa 150. Musathire pa pepala penipeni, madziwo angotsetsereka m'mbali osakhudza khofi. Pumani masekondi 10 kapena 15 madzi atsikeko, kenako thiraninso chimodzimodzi mpaka 250. Pofika mphindi 2 mukhale mutamaliza kuthira.

5. Zunguzani kamodzi mofatsa kuti khofi womata m'mbali atsike, n'kusiya adonthe yekha. Dontho lotsiriza ligwe pakati pa mphindi ziwiri ndi theka ndi mphindi zitatu ndi theka chiyambitsire wotchi.

Chotsani chotchezera, koma musanataye suzumiranimo. Nsenga zikagona mofanana ngati bwalo losesa, madzi anadutsa paliponse. Mukaona dzenje pakati ndi khofi wokwera m'makoma, ndiye kuti munathira malo amodzi mwamphamvu. Zikaoneka ngati matope a m'dambo, kaperedwe kasalala mopitirira.

Akatswiri amagwiritsa ntchito ketulo ya mlomo wautali wopindika ngati khosi la kakowa, kuti madzi azituluka kamtsinje kakang'ono. Ndi yabwino, koma ine ndinatha chaka ndikuthira ndi tiyipoti wakale wa mlomo wopapatiza. Mukhozanso kugwirizira supuni chafufumimba pamwamba pa khofi n'kumathira pamsana pake, madzi amagwa mofewa. Kumbukirani chabe kuti kusamutsa madzi kuchoka m'ketulo kupita m'tiyipoti wozizira kumawaziziritsa, ndipo taona kale kuti athu a kumtunda alibe madigiri otaya. Yambani mwamufunditsa tiyipotiyo.

Mapepala sapezeka m'golosale iliyonse, ndipo akatha anthu amayesa tishu. Musatero, imang'ambika ndipo sinapangidwire zimenezo. Nsalu ndiyo mlowam'malo weniweni, si njira ya umphawi ayi: ku Costa Rica ndi ku Japan amatchezera m'kathumba ka nsalu mpaka lero. Pezani nsalu yoyera ya thonje, yolukana bwino, osati chitenje cha utoto. Isokeni ngati kathumba kosongoka, mkombero wake muumange pa waya, n'kuiwiritsa musanayambe kuigwiritsa ntchito. Mukatha kutcheza ichapeni ndi madzi okha, sopo ayi, chifukwa mudzamumwa mawa. Isungeni m'kabotolo ka madzi m'firiji, kapena ngati firiji palibe, iwiritseni n'kuiyanika padzuwa iume gwa. Ikayamba kununkha chiwisi ngakhale mwawiritsa, sokani ina.

Wotcheza amatuluka woyera, wopepuka, ndipo ndi mmene mungamvere kakomedwe konga ka zipatso kamene khofi wa m'mapiri a kumpoto amakhala nako akakazingidwa mosapsereza. Mulaweni kaye musanathire shuga, ndiponso mulaweninso atazizirako, chifukwa kutsekemera kwake kumatuluka kutentha kukachepa. Mukatero thirani shuga wanu mwamtendere, palibe akuletsani.

Kapu ikapanda kukoma

Lilime lisiyanitse kuwawasa ndi kuwawa, chifukwa mankhwala ake ndi otsutsana. Kuwawasa kwa ngati mango osapsa, kumene kumabaya m'mbali mwa lilime n'kutha msanga, ndiye kuti madzi atenga zochepa. Perani mosalalako, kapena thirani madzi otentha kwambiri, kapena onjezani nthawi. Pa kutcheza, chizindikiro chake ndi madzi othamanga, kutha mphindi ziwiri zisanakwane. Kuwawa kouma, kosiya m'kamwa muli gwaa ngati mwatafuna nthochi yaiwisi, ndiye kuti madzi atenga zambiri. Perani mokhakhalako. Nthawi zambiri madzi ake amakhala atachedwa, kupitirira mphindi zinayi akudonthabe.

Kusukuluka ndi nkhani ina. Khofi akamakoma bwinobwino koma ali madzimadzi, kaperedwe kasiyeni, onjezani khofi: magalamu 17 m'malo mwa 15. Akakula mphamvu, thiranimo timadzi totentha m'kapu momwemo.

Sinthani chinthu chimodzi pa tsiku. Mukasintha kaperedwe, madzi ndi muyeso zonse mmawa umodzi, kapu ikakoma simudziwa woti mumuthokoze. Ngati munagula wopera kale ndipo kaperedwe simungakasinthe, yang'anani khofiyo akuuzeni njira yake: wokhakhala muviikeni, wapakatikati mutchezeni, wosalala kwambiri muviikeni nthawi yochepa n'kusefa ndi nsalu kapena pepala.

Pali zipangizo zina zophatikiza njira ziwirizi. Clever Dripper imaviika kenako n'kutulutsira pa pepala mukaikhazika pa kapu, ndipo AeroPress, ya mu 2005, imaviika n'kukankha khofi kudutsa pa kapepala ngati jakisoni. Zonse n'zabwino, koma kapoto ndi nsalu yanu ija zikuchita zomwezo.

Mu Okutobala, pamene ngakhale kuganiza za madzi otentha kumatulutsa thukuta, viikani m'madzi ozizira. Magalamu 60 a khofi wokhakhala m'botolo loyera, madzi owiritsa n'kuzizira mamililita 500, kutseka, m'firiji usiku wonse, maola 12 mpaka 16. M'mawa sefani ndi nsalu. Ameneyu ndi wamphamvu, musungunuleni theka ndi theka ndi madzi kapena mkaka wozizira, ndipo wotsala akhale m'firiji osapitirira masiku atatu kapena anayi. Amatsetsereka kukhosi ngati alibe kanthu, koma mukamwa madzulo muwerenga malata mpaka tambala woyamba.

Nsenga musathire mu sinki, zimatseka mapaipi. Kokolozani ndi supuni mukataye pa mulu wa manyowa, pepala lomwe. Sefa ya French press imamasuka mukapotokola kunsonga kwa ndodo, ndipo mupeza zitsulo zitatu zosanjikizana ndi nsenga zakale zitabisala pakati. Kamodzi pa sabata zimasuleni, tsukani ndi sopo wa mbale ndi madzi otentha, tsukuluzani bwino, ndipo pomasula muone mmene zasanjikizirana kuti pobwezera musasokoneze. Mafuta a khofi akagonera pa chitsulo amavunda, ndiye mukadzamva kapu ikununkha ngati chigubu cha mafuta ophikira akale, muyambe mwafunsa sefa musanadandaule za paketi.